Mmene Ndinasesera Phanga la Kasenjere

Sendezani lichero lija kuno, ana inu, ndipo manja asaime chifukwa choti ine ndatsegula pakamwa. Mtedza uwu sudzisenda wokha. Iwe Tamara ndakuona kale, ziwiri m'lichero, yachitatu m'kamwa. Amako Lute ankateronso, ndiye sindikudabwa.

Dzulo pochokera kuchigayo munandifunsa za chikwangwani chadzimbiri chimene chili m'munsi mwa phiri la Kasenjere, chija choletsa kuswa miyala ndi kusonkha moto m'phanga. Ndinangoti n'cha boma, basi, chifukwa tinali pamsewu ndipo anthu ankamva. M'nkhani yake muli manyazi anga, ndiye sindiikamba paliponse. Lero tili tokha, ndiponso agogo anu aakazi, Anambewe, amene akanandidula mawu katatu ndisanafike pakati, anatsogola. Mverani.

Kuti mumvetse uchitsiru umene ndinachita, muyenera kudziwa kumene ndinachokera. Ine si wa kuno ku Chipangali. Ndinakulira ku Madzimoyo, pa mishoni, bambo anga ali kalaliki, mayi anga akuphunzitsa atsikana kusoka. Kumeneko tinayamba kulemba ndi chala pamchenga, kenako pa sileti, ndipo sileti ukaswa unkayambiratu kulira ukadali kusukulu, podziwa zimene ukazipeze kunyumba. Inu lero foni ikagwa mumangoti yasweka, n'kuyang'ana amalume anu. Koma chimene anatiphunzitsa kwambiri pa mishoni si kuwerenga ayi. Chinali ukhondo pamaso pa mlendo. Tikamva kuti kukubwera munthu wamkulu, tinkasesa bwalo mpaka nyerere kusowa pobisala, n'kundanda miyala m'mbali mwa njira, n'kuipaka laimu umodziumodzi.

Ndinakula nazo zimenezo, ndinaphunzitsa nazo, ndinakhala nazo hedimasitala. Woyendera masukulu ankabwera pa njinga yamoto, fumbi lili kumaso, koma akangoona miyala yoyera kuyambira pamsewu mpaka pakhomo la ofesi, nkhope inkamasuka asanatsegule ngakhale kope limodzi. Ndikuuzani zoona, ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe vuto pansi pano limene tsache ndi laimu sizingachepetse.

Agogo anu ndinawapeza kuno atanditumiza kudzaphunzitsa ndili mnyamata. Ndinawaona koyamba akuchokera kudimba atasenza dengu la mbatata. Sanandipatse moni waulemu uja anthu ankapatsa aphunzitsi. Anangoyang'ana nsapato zanga zodzaza matope n'kuseka. Ndinakwiya sabata yathunthu, kenako ndinatuma ankhoswe. Kwawo kunali kwa alimi, ena Akatolika, ena osapemphera n'komwe. Kuti tikwatirane anayenera kulowa mpingo wathu, ndipo akulu a mpingo anafunsa ngati mtsikanayo anavinidwa chinamwali cha kumudzi, poti kwathu zimenezo zinali zoletsedwa. Azakhali awo anayankha kuti ayi, ndipo ine sindinafunsenso. Anadzakhala mayi wa chigwirizano, wa bulauzi yoyera ya Lachinayi, ija ankasita ndi ayironi ya makala akuuzira phulusa kuti lisagwere pakolala. Inenso ndinadzakhala mkulu wa mpingo. Ndikaima kutsogolo ndinkadzudzula za chinamwali mokweza mawu, iwo ali mzere wachiwiri akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayesa akuvomereza.

Nditapuma ntchito tinadzamanga pano, kwawo kwa agogo anu. Phiri la Kasenjere ine ndinkalidziwa ngati malo a masuku, basi. Mvula yoyamba ikagwa tinkakwera ndi madengu m'mamawa anyani asanatitsogolere, ndipo mvula ikakhazikika kunali kutola bowa m'munsi mwake. Phanga lija ndinkalowamo kuthawa mvula. Mukulidziwa, mwala waukulu wotambalala ngati khonde. Nthawi imeneyo pansi pake panali phulusa lakale lofika m'akakolo, mapale osweka, tizifupa, ndowe za mileme. Kudenga ndi kukhoma kunali zojambula, zina zofiira zozimirira, timizere ndi tozungulira, zina zoyera, zooneka ngati abuluzi otambasula miyendo, zokhala ndi madontho pamsana. Ine ndinkati ndi masewera a abusa a mbuzi. Agogo anu pokwera kukatola masuku sankalowamo, ngakhale mvula igwe bwanji. Ankaima pansi pa mtengo n'kunyowa, ine n'kumati akuopa mileme.

Ndiye inafika nyengo ija inu mumangoimva, itangotha njala ya chimanga chachikasu. Iwe Yohane usaseke, chimanga chachikasu chinatipulumutsa, ngakhale poyamba nkhuku zenizeni zinkachikayikira. Zinthu zinkasintha mofulumira masiku amenewo. Aliyense anali wamalonda, chilichonse chinali ndi wochigula. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku tauni, wa makontirakiti a misewu, dzina lake lisiyeni. Anazungulira phiri ndi anthu ake, ndipo pochoka anasiya mitanda ya penti yofiira pamiyala ikuluikulu. Mtanda umodzi unali pamwamba penipeni pa mwala wa phanga. Anati tikakolola abweretsa makina ndi zophulitsira, aswe phirilo likhale miyala ya msewu.

Anthu ambiri anasangalala poti kukhala ganyu. Inenso, ndisaname, ndinkaganiza za msewu wathu uja wothyola masipoko a njinga. Koma agogo anu anasintha. Munthu wolongolola uja anangoti zii. Pokolola mtedza ankazula phata limodzi n'kuima, maso ali kuphiri. Ndinkawafunsa ngati akudwala, iwo n'kumati ndi msana.

M'mawa wina tikumwa phala, wailesi inalengeza kuti boma latuma anthu oona za malo akale kuti ayende m'chigawo chathu chino cha kum'mawa. Mapanga ena a cha ku Katete ndi ku Chadiza anali kale m'manja mwa boma, otetezedwa. Tsono ankafuna kufufuza ngati n'koyenera kukulitsa chitetezocho kuti chifike m'maboma ndi m'madera ena. Agogo anu anaika supuni pansi.

"Bambo a Lute," anatero, "inu mumadziwa kulemba makalata a Chizungu. Lembani. Auzeni abwere adzaone Kasenjere."

"Adzaone chiyani? Ndowe za mileme?"

"Ine zaka zonsezi ndakupemphaniko chiyani? Lembani."

Zinali zoona. Sanandipempheko ngakhale nsapato. Ndinalemba masamba awiri, mawu aatali okhaokha, ndipo ndinati sindiiponya ku positi, ndikaipereka ndekha ku Chipata.

Za maulendo a ku Chipata ndingakambe mpaka mtedza uwu kumera. Ndili mnyamata, pamene tauniyo inkatchedwa Fort Jameson, ndinkapalasa njinga tsiku lonse, chigumu chili m'thumba la jekete, botolo la thobwa lomangirira kukaliyala. Ukatopa unkakwera lole ya thonje, n'kufika uli mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa. Koma pa nthawi ya kalatayi kunali kutabwera maminibasi. Ankatilongeza anthu anayi pampando wa atatu, nkhuku m'miyendo, kondakitala theka la thupi lili panja. Ndinafika ku ofesi ya boma tayi itapotoka, ndinaiwongola pagalasi la zenera, ndinapereka kalata ndi manja awiri. Patapita masabata angapo yankho linabwera. Anthu awiri adzafika Lachinayi lina mwezi wa Julaye, ndipo wa makontirakiti uja wauzidwa kuti adikire. Nkhani inali poyera. Akalemba kuti Kasenjere muli choyenera kusunga, phiri likhala. Akalemba kuti mulibe, makina alowa.

Tsono apa ndi pamene ukulowera iwe Tamara, ndipo ndimati theka la mlandu ndi lako. Lamlungu la sabata yomweyo kunabwera uthenga woti amako ali kuchipatala ku Chipata, nthawi yawo yakwana, ndiwe unkagogoda. Agogo ako anamanga kamtolo n'kunyamuka kukadikirira. Pochoka anangoti, "Alendo aja akabwera ndisanafike, muwaonetse njira." Njira yokha, ana inu. Sananene china.

Koma ine hedimasitala wakale, kumva kuti kukubwera oyendera a boma, magazi anayamba kuthamanga ngati kale. Lolemba ndinakwera kukaona phanga ndi maso a woyendera masukulu, ndipo ndinachita manyazi. Ndinati anthu ochokera ku Lusaka adzaima m'phulusa ili, pakati pa mapale ngati kudzala? Adzati kuno kulibe anthu ophunzira. Ndinatsika n'kupita kwa a Jere, mnansi wathu, mlimi wa thonje, Mkatolika wokonda kuseka amene anali ndi ngolo ndi wilibala.

"A Jere, tili ndi masiku awiri. Tikonze malo aja."

"Mukanena inu aphunzitsi, ife ndani? Koma tikonza bwanji phanga?"

"Monga timakonzera sukulu."

Lachiwiri tinatchetcha njira kuyambira pamsewu mpaka kuphanga, amuna asanu ndi mmodzi, zikwakwa zili m'manja. Tinandanda miyala mbali zonse ziwiri n'kuipaka laimu amene anatsala pokonza tchalitchi. Lachitatu tinalowa m'phanga ndi makasu ndi mafosholo. Tinapala phulusa lonse mpaka kufika pa nthaka yolimba. Munkatuluka mapale a mizeremizere, mikanda, timiyala takuthwa ngati malezala, mafupa. Zonse tinkathira mu wilibala, a Jere n'kumakakhuthula m'chigwembe kuseri. Kenako tinawaza madzi, tinasesa, tinasalaza. Munakongola, ana inu. Ndikunena ndi chisoni, koma munakongola.

M'mudzi muno munali mutatsala agogo awiri okalamba kwambiri, Anaphiri ndi mng'ono wawo. Anabwera ndi ndodo zawo mpaka pakati pa phiri, anakhala pamwala n'kumationerera. Ndinawafuulira kuti, "Mukuona bwanji, agogo?" Anaphiri anayang'ana pansi n'kuti, "Aphunzitsi ndiwo adziwa." Ine ndinatenga ngati chiyamikiro. Lero ndimadziwa kuti pakamwa pawo ndinatseka ndine, ndi maulaliki anga aja. Akanayamba bwanji kuuza mkulu wa mpingo chimene phangalo linali?

Choipitsitsa sindinanene. Titamaliza kusesa ndinayang'ana kukhoma n'kuona kuti zojambula zoyera zija n'zothimbirira. Ndinati alendo aziona bwanji izi? M'chidebe munali kalaimu kotsalira pansi. Ndinatenga bulashi, ndinasankha kachithunzi kamodzi kam'munsi, kakang'ono, ndinakadutsitsa bwinobwino motsata m'mphepete, monga ndinkaphunzitsira ana kulemba zilembo. Kanawala kuti mbee. Ndinaviikanso bulashi kuti ndipite pa chachikulu chapamwamba.

"Aphunzitsi," anatero a Jere akupendeketsa chidebe, "laimu watha."

Ndinadandaula kwambiri tsiku limenelo. Lero ndikamapemphera ndimathokoza Mulungu chifukwa cha chidebe chimene chija.

Lachinayi kunacha kozizira, kamphepo ka Julaye kakuwomba. Ndinavala jekete ndi tayi. M'phanga tinaikamo tebulo loyala nsalu, mipando inayi, ndi maluwa m'botolo. Akazi a Jere anaphika futali wa mbatata ndi nsinjiro n'kumuvundikira m'dengu. Dzuwa litakwera pang'ono inafika galimoto ya boma. Munatuluka a Mubita, bambo wamtali wa ku Mongu, wa mapu ndi kamera, wolankhula Chizungu chokhachokha, ndi Mayi Daka, mtsikana ndithu, atamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, kabuku kali m'manja. Pokwera ndinaona akuyang'ana miyala yanga yoyera n'kuyang'anana. Ndinati m'mtima, aona.

Titafika pakhomo pa phanga, Mayi Daka anaima. Ine ndinatulutsa pepala la mawu olandirira alendo, koma ndisanayambe anafunsa motsitsa mawu.

"Ndani wachita izi?"

"Ndine, mayi," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Ndi anzangawa. Masiku awiri okha."

"Dothi linali pansi apa lili kuti?"

"Zinyalala zija? Tataya kuchigwembe."

Anakhala pansi, osati pampando wanga, pansi penipeni, n'kugwira mutu. Kenako anandifotokozera mwaulemu umene unandipweteka kuposa kutukwana. Anati phulusa lija linagona mosanjikizana, la makolo pansi, la ana awo pamwamba, la adzukulu pamwamba pake, ndipo iwo akamakumba pang'onopang'ono ndi kasupuni amawerenga kuti ankakhalamo ndani, liti, ankadya chiyani. "Atate, linali buku," anatero. "Mwang'amba masamba onse n'kukawataya kuchigwembe." Kwa mphunzitsi panalibe mawu ena olasa kuposa amenewo.

A Mubita anali kukhoma. Anagwira kachithunzi kanga kaja, laimu n'kutsalira kuchala. Anandifunsa m'Chizungu ngati zinazo sitinajambulenso tokha kuti tikope boma. Ndinalumbira, koma chala chawo chinali choyera, ndikanatsutsa bwanji? Anati mapiri oti awaone ndi ambiri, maboma ndi ambiri, sangalembe onse, ndipo za kuno alemba kuti malo anasokonezedwa. Anayamba kupinda mapu awo. Ndinayang'ana kunja n'kuona mtanda wofiira uja pamwala, ndipo ndinadziwa kuti phiri la agogo anu ndalipha ndine, ndi tsache.

Nthawi yomweyo tinamva anthu akukwera. Anali agogo anu. Anali atafika m'mawa womwewo ndi minibasi yoyamba, ndi nkhani yoti kwabadwa mwana wamkazi. Poti linali Lachinayi, anavala bulauzi yawo yoyera kupita ku chigwirizano, ndipo kumeneko ndi kumene anamva zoti aphunzitsi akonza phanga. Anatuluka mapemphero ali mkati. Amayi ena asanu ndi awiri anawatsatira, onse m'mabulauzi oyera, kudzaona kuti kwagwanji.

Analowa m'phanga muja, munthu amene kwa zaka makumi atatu ndi mphambu sindinamuonepo akupondamo. Anayang'ana pansi posalala. Anayang'ana maluwa m'botolo. Anayang'ana kachithunzi kowala kaja nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Bambo a Lute," anatero, "mwasesa bwino."

Ndikanakonda akanandimenya ndi mpando. Kenako anatembenukira kwa Mayi Daka.

"Mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ku Chadiza, amayi."

"Unavinidwa?"

Funso lotere, pamaso pa amuna, kwa munthu wa boma! Mayi Daka anaweramitsa mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Azakhali ananditengera kumudzi patchuthi, amayi."

"Basi, ungamve." Ndiye agogo anu anakweza mawu kuti aliyense amve, amayi a chigwirizano aja ali pakhomo. "Ine anandibweretsa muno ndili namwali. Ndinagona muno. Icho chachikulu chapamwambacho anachidutsitsa ndi chala agogo anga ine ndikuona, ndi dothi loyera la kudambo, ndipo anandiuza chimene chimanena. Zonsezi zili ndi mayina, zili ndi nyimbo zake. Za abusa a mbuzi mulibe muno. Tsopano amuna nonse tsikani."

Tangoganizani, ana inu. Zaka zonse zija ndikulalikira, munthu ndinkagawana naye bulangete ankadziwa nyimbo za m'phanga. Ndipo ankadziwanso bwino lomwe chimene akutaya ponena zimenezo atavala bulauzi imeneyo. Ndinafuna kulankhula, koma a Jere anandigwira mkono n'kuti, "Tiyeni aphunzitsi, kuno sukulu si yanu." A Mubita anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndinawamasulira kuti tathamangitsidwa.

Tinakakhala pansi pa msuku, m'munsi, amuna okhaokha, ndi dengu la futali. Poyamba amayi a chigwirizano aja anatsika nafe n'kukhala patali, nkhope zili gwa. Kenako tinaona Anaphiri ndi mng'ono wawo akukwera ndi ndodo zawo, kupuma pamwala uliwonse woyera. Miyala yanga inagwirako ntchito imeneyo. Patapita nthawi tinayamba kumva m'manja mukuwombedwa, ndi nyimbo yapansipansi imene mawu ake sankafika kwa ife. Mmodzi wa amayi a mabulauzi aja anaimirira, anati akukaona ngati Anambewe akufuna madzi. Sanabwerere. Wachiwiri anati akukaitana woyamba uja. Wachitatu anangomanga chitenje n'kukwera. Dzuwa pofika pamutu, pansi panatsala awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo phazi linkagunda pansi motsata nyimbo.

A Jere anaseka mpaka kutsamwa futali. "Aphunzitsi," anatero, "nanga Lamlungu lonse lija mumalalikira ndani?"

A Mubita sanamve Chinyanjacho, koma anaona zimene zinkachitika. Anapukuta manja, anatambasulanso mapu awo pabondo, n'kundifunsa kalembedwe kake ka Kasenjere.

Anatsika dzuwa litapendeka. Mayi Daka maso anali ofiira, kabuku katatsekedwa. Ndinafunsa ngati ndingaone zimene alemba, poti kalata ndinalemba ndine. Anamwetulira n'kuti zambiri sanalembe, ndipo sadzalemba. "Ndalemba zoti phanga ili lili ndi eni ake, ndipo ali moyo," anatero. "Kumene tayenda konse tapeza zithunzi, koma anthu otiuza kuti n'zathu, tinagonamo, tinkawasowa. Dothi lija mwatitayitsa, atate, ndipo silibwerera. Koma kuno ndapeza chimene dothi silikanandiuza." Pokwera galimoto anabwereranso n'kundinong'oneza kuti ndisadzayandikirenso khoma lija ndi bulashi.

Yankho silinabwere msanga. Tinapsa ndi dzuwa la Okutobala tikuyang'ana kumsewu, galimoto iliyonse yaikulu tinkayesa makina. Tinadzala, tinapalira. Masuku atayamba kugwa, kunabwera kalata, ndipo pambuyo pake anthu awiri ndi chikwangwani chija ndi thumba la simenti. Wa makontirakiti anakapeza phiri lina kutali, lopanda phanga. Za maboma enawo, kuti chitetezo chinafika pati n'kulekeza pati, ankakambiranabe m'maofesi ndipo ine sindinazitsatire. Changa chinali chakuti Kasenjere walowa. Tsiku loimika chikwangwani agogo anu anapha tambala amene ankamusungira Khirisimasi.

Ku mpingo nkhani sinapite pachabe. Akulu anakhala pansi, ine ndili mmodzi wa iwo, ndipo anagamula kuti Anambewe avule bulauzi miyezi itatu, azikhala benchi yakumbuyo, poti anabisa ndiponso anakaimba nyimbo zija. Amayi ena aja sanawatchule, chifukwa akanatero Lachinayi kukanatsala anthu awiri. Agogo anu sanadandaule. Anachapa bulauzi, anaisita, anaipinda n'kuiika m'sutikesi. Lamlungu lotsatira ine sindinakhale kutsogolo ndi akulu anzanga. Ndinakakhala benchi yakumbuyo ya mbali ya amuna, moyang'anana nawo, miyezi itatu yonseyo. Wina atandifunsa ndinati kumbuyo kumamveka bwino. Kuyambira pamenepo ulaliki uja sindinaubwerezenso, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti zaka zimene zinatsatira ndi zimene tinakondana kwambiri ndi agogo anu. Tinkakwera limodzi kukatola masuku, ndipo mvula ikagwa ankalowa m'phanga, ine n'kuima pakhomo mpaka atandiitana.

Laimu wa m'njira uja anasukuluka ndi mvula yoyamba. Koma kachithunzi kanga, poti kali pouma, kakuwalabe mpaka lero. Mukakwera mukakaona, kam'munsi kudzanja lamanzere, koyera kuposa tonse. Alendo akafunsa chifukwa chake, anthu amati n'ka aphunzitsi.

Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde pompano, agogo anu atakhala pamene wakhala Yohanepo, ndinalimba mtima. Ndinati, "Anambewe, zinazo sindifunsa. Koma kaja ndinapaka ine, kamatanthauza chiyani?" Anasiya mtedza, anandiyang'ana, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka kugwira nthiti. Atapezako mpweya anangoti, "Mwa zonse zija, bambo a Lute, inu munasankha kameneko!" Ndinafunsanso chaka china, anasekanso chimodzimodzi. Anapita osandiuza.

Poyamba zinkandiwawa, munthu amene ndinazolowera kukhala ndi mayankho onse kumapeto kwa buku. Ndinkaopanso kuti Anaphiri anapita, mng'ono wawo anapita, agogo anu apita, ndiye phanga latsala ndi chikwangwani chokha, lopanda eni ake. Ndimakumbuka kuti chaka chawo chomaliza anakwera ndi Lute kawiri, akuti kukafuna mankhwala a msana, koma sindinafunse.

Nanga iwe Tamara ukusekeranji? Taonani, ana inu, wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Kuseka kumeneko ndikukudziwa ine, ndinakumva pakhonde pompano. Mwezi watha amako anakutenga kuphiri, munati mukukafuna nkhuni, n'kubwerako opanda ngakhale kamtengo kamodzi.

Ayi, usatsegule pakamwa, mdzukulu wanga. Agogo ako anandibisira zaka makumi atatu tili nyumba imodzi, iwe usalephere masana amodzi. Ndangofuna kudziwa kuti alipo amene akudziwa, ndipo ndaona. Ndipatse lichero limenelo, maso anga alowa fumbi la makoko.